Achimwene akufuna makina anga kuti akaonetse oyendera

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi udokotala wa mano. Ndikudziwa kuti anthu akangomva zimenezi amayamba kugwira tsaya, koma inu khalani phee, sindinabwere ndi chozulira. Ndabwera ndi nkhani imene yandikhala pakhosi. Chochita ndikuchidziwa, ndipo mtima ndamanga kale. Chimene chikundisowa ndi poyambira pakamwa, chifukwa munthu amene ndikufuna kumukaniza chinthu ndi yemwe anandilera.

Bambo athu anamwalira ine ndili wamng'ono, ndipo amene anasenza banja lonse ndi achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu. Nawonso ndi dokotala wa mano. Kiliniki yawo ili pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo masitepe ake ndi opapatiza moti odwala awiri akakumana pakati, wina amayenera kubwerera chambuyo. Sukulu yanga yonse anaiyendetsa ndi iwowo. Anandiphunzitsa kugwira kagalasi kounikira m'kamwa, anandiphunzitsanso kubaya jakisoni wa dzanzi munthu osadzidzimuka. Dzanja lawo ndi lofewa, Aphungu, ndipo pamenepo sindingawalande. Anthu amachokera kutali kudzafuna dzanja limenelo. Mpaka lero amanditchula kuti Kadokotala, ngakhale imvi zayamba kundisuzumira m'mutumu.

Chaka chatha ndinatsegula kiliniki yangayanga kutsidya lina la tauni. Ndi kamalo kochepa: chipinda chodikirira, chipinda chothandiziramo odwala, ndi kachipinda kotsukiramo zida. Mpando umene odwala anga amagonapo anandipatsa ndi achimwene omwewa. Tsiku lotsegulira anafika m'mamawa, malaya atapinda manja, n'kumanga okha mapaipi ake a madzi, thukuta lili kamukamu. Ndikunena zonsezi kuti musandione ngati munthu wosayamika.

Kuti nkhaniyi imveke, ndikuuzeni kaye za makina amodzi. Chida chilichonse cholowa m'kamwa mwa munthu chimatulukamo ndi malovu, nthawi zambiri ndi magazi omwe. Tikatha ntchito timachitsuka, kuchiumitsa, kuchitsekera m'kathumba kake, kenako kuchiika m'makina ophikira zida. Makinawa amaoneka ngati kauvuni kakang'ono, chitseko chake chimatsekeka zolimba, ndipo mkati mwake mumadzaza nthunzi yopanikizika, yotentha kuposa madzi owira, imene imapha tizilombo toyambitsa matenda. Pa kathumba kalikonse pamakhala kachizindikiro kamene kamasintha mtundu kutentha kukakwanira. Kakatuluka kosasintha ndiye kuti chidacho sichinapse, ndipo sichiyenera kukhudza nkhama za munthu wina. Kuwiritsa zida m'madzi sikokwanira, zimenezo aliyense wa ntchito yathu amadziwa.

Mwezi watha kwanga kunabwera oyendera ochokera ku bungwe loona za zipatala. Anali awiri: bambo wina wosalankhulalankhula amene ankangolemba, ndi mayi wina wamfupi amene anzathu onse amamutchula kuti Mayi Tochi, chifukwa amayenda ndi katochi kounikira pansi pa masinki ndi kuseri kwa makabati. Ine ndinali nditakolopa mpaka pansi pakuwala, ndikudzimva ndithu kuti lero aona okha. Mayo ine! Mayiwo pansipo sanayang'anepo n'komwe. Analunjika pa kabokosi kotayamo majakisoni otha ntchito, n'kupeza katadzaza kupyola mzere wake. Anatsegula furiji ya mankhwala, n'kupezamo botolo la mkaka wa namwino wanga litakhala mwaufumu pakati pa mankhwala. Makapu athu a tiyi anali pa sinki yotsukira zida. Mayi Tochi ananyamula kapu imodzi n'kundifunsa akumwetulira kuti, "Adokotala, tiyi wa m'kachipinda kano amakoma bwanji?" Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana.

Kenako anafika pa makina aja. Anauza namwino wanga kuti awayatse iwo akuona, anadikira mpaka atamaliza, n'kutulutsa timatumba kamodzikamodzi akuunika tizizindikiro tija. Atatha anati, "Zinazo mukonze, tidzabweranso kudzaona. Koma makinawa ndi abwino. Muziwasamala kuposa mpando, chifukwa mpando ukafa munthu amangobwerera kwawo ndi dzino lake basi." Tsiku limenelo ndinapita kunyumba nditatupa ndi mkwiyo, ndikung'ung'udza njira yonse. Koma kutacha makapu ndinawasamutsa, mkaka ndinaupezera malo ake, ndipo ndinavomera mumtima kuti pa zonse zimene mayi aja ananena panalibe bodza.

Sabata yomweyo achimwene anatulukira kwanga. Ndinaona galimoto yawo ikuima chambuyo pakhomo, mu buti muli bulangeti lakale ndi zingwe. Analowa akuseka, n'kupitirira mpaka m'kachipinda kotsukiramo zida, n'kuyamba kuyeza makina anga ndi dzanja. "Kadokotala," anatero, "anzako oyendera aja akubwera kwanga kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndati ndidzamuone Mlendo watsopanoyu ngati angakwane mu buti."

Ine ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa sindinamve. Ndiye anandimasulira. Pakati pa madokotala akuluakulu a mano kuno pali kachitidwe kena kamene ine sindinkakadziwa. Oyendera akangotumiza uthenga kuti akubwera, amene makina ake akudwala amakabwereka kwa mnzake. Makinawo amawafunditsa bulangeti, amakagona kumeneko masiku angapo, oyendera amawaona n'kukhutira, kenako amabwerera kwa mwini wake. N'chifukwa chake amawatchula kuti Mlendo, poti mlendo ndi mame. Achimwene ankafotokoza akuseka kuti makina amene ankayenda kale, a dokotala wina yemwe anapuma ntchito, anayenderedwa kambirimbiri moti akanakhala munthu bwenzi akupatsana moni ndi oyendera. Tsopano mwini wake anagulitsa zonse, ndipo makina atsopano m'dera lino ndi anga.

Ndinawafunsa kuti awo atani. Anati, "Aa, angokalamba ngati ine ndemwe. Amatsokomola pang'ono." Ndinawayankha kuti ndibwere kaye ndidzamuone wodwalayo.

Mawa lake ndinakwera masitepe aja. Pa benchi panali anthu: mayi wina woyembekezera atamanga mpango kuzungulira nsagwada, bambo wina wachikulire, ndi mtsikana wa yunifolomu ya sukulu tsaya lili tupu. Ndinawapatsa moni n'kupitirira m'kachipinda ka zida. Aphungu, kumeneko sikutsokomola ayi. Makina anali akulira, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chitseko kuti fooo, pansi atayalapo thaulo kuti lizimwa madzi odontha. Mphira wa pachitseko anali atang'ambika. Atazima ndinatsegula ndekha. Timatumba tinatuluka tonyowa, ndipo tizizindikiro tonse tinali mmene tinalowera. Pakona panali kachitofu ka magetsi ndi sufuliya, m'menemo zozulira zikubwata.

Namwino wawo ndi mayi wamkulu amene wagwira ntchito pamenepo kuyambira ine ndili mtsikana. Ndinamufunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Anayang'ana kukhoma n'kunena motsitsa kuti, "Papita nthawi, mwananga. Ndinanena ine, ndinatopa." Akunena choncho n'kuti akuyala zida zomwezo pa thireyi kuti zilowe kwa mayi woyembekezera uja. Pamenepo mutu wanga unatentha. Ndinagwira thireyi ija n'kunena kuti izi sizilowa. Ndinaimbira namwino wanga kuti atenge timatumba tonse takupsa timene tinali nato, akwere njinga yamoto abwere nato msanga. Anthu a pa benchi aja anadikira, ena akudandaula, koma tsiku limenelo anathandizidwa ndi zida zanga.

Odwala atatha, achimwene anandiitanira m'chipinda mwawo n'kutseka chitseko. Nkhope inali itasintha. Anati, "Wandivula pamaso pa wantchito wanga." Ndinapepesa chifukwa cha mmene ndinachitira, koma ndinawauza kuti thireyi ija ndikanaigwirabe ngakhale akanakhala ndani. Anati, "Ndazula mano zaka zonsezi. Ndani anabwerapo kudzadandaula?" Ine pakamwa panga sipachedwa, ndiye ndinati, "Achimwene, munthu akadwala chiwindi patapita chaka, angakumbukire dzino? Amakaloza kwina, kuno sangabwere." Anamenya tebulo. "Sukulu yakulowa m'mutu iwe! Lende n'kukankhana. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame."

Akanathera pa kukalipa, bwenzi zili zophweka, chifukwa kukalipa ndimakutha inenso. Koma anakhala pansi, mawu n'kutsika. Anati mphira wa chitseko anaitanitsa kale, akungochedwa kufika, ndipo oyendera akangodutsa akonzetsa zonse. Anati akawatsekera kiliniki pa msinkhu umene afikawu sadzatsegulanso, namwino uja adzakhala pakhomo, ndipo iwo adzayenda bwanji mumsewu anthu akuloza kuti ndi aja anawatsekera chifukwa cha uve. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chibadwire chako sindinakupemphepo kanthu. Ndi ichi chokha." Aphungu, mawu amenewo anandilasa. Ndinatsika masitepe aja misozi ili chuchuchu, ndipo sindinawayankhe kuti inde kapena ayi.

Kuchokera tsiku limenelo foni yanga sikupuma. Alamu anga, akazi awo a achimwene, anaimba n'kunena kuti bambo sakudya, akungokhala ndwii, ndiye ndiwaganizire. Amuna anga nawo akuti ndingowapatsa. Akuti, "Mayi a ana, khoswe wakhala pamkhate apa. Ndi masiku ochepa okha, ndipo makina alibe pakamwa, sadzanena kumene anagona." Ndinawafunsa ngati iwo angalole kuti ana athu akazulidwe dzino ndi zida za m'sufuliya ija. Anangotenga nyuzipepala n'kubisamo nkhope. Mayi athu okalamba sakudziwa kanthu, ndipo ndikuopa tsiku limene adzamve kuti ana awo asiya kulankhulana.

Makina anga sapita, Aphungu. Pamenepo ndaima nji. Ndikawapereka ndiye kuti oyendera adzaona chinthu chabwino, adzalemba kuti zonse zili bwino, ndipo bulangeti lija likadzabwerera kwanga sufuliya idzabwerera pamoto, ine nditathandizira. Sindinaphunzire ntchitoyi kuti ndizichita zimenezo. Koma achimwene anga ndimawakonda, ndipo sindikufuna kuwataya. Akubwera Loweruka kudzatenga makinawo, chifukwa akuganiza kuti kukhala chete kwanga kuja kunali kuvomera. Ndiwakanize bwanji kuti tidzathebe kudyera limodzi? Nanga akakabwereka kwina, ndikhale chete kapena ndikawauze Mayi Tochi? Ndithandizeni, mutu umodzi susenza denga.

T. N., dokotala wa mano

Adokotala,

Tsaya ndagwira ndithu, koma osati chifukwa cha chozulira. Ndagwira chifukwa cha sufuliya ija. Makina anu asapite, ndipo pamenepo sitikambirananso. Mfundo mwamanga nokha, ine ndangobwera kudzaikoka kuti ilimbe.

Koma ndiyambe ndi kukutsinani khutu. Mwandiuza kuti tsiku lija munagwira thireyi n'kuitanitsa zida zanu, ndipo munachita bwino kwambiri. Nanga mawa lake? Nanga mkuja wake? Benchi ija sinasiye kudzaza chifukwa choti inu munatsika masitepe mukulira. Pamene inu mukusinkhasinkha za Loweruka, anthu akulowabe m'chipinda chija. Ndiye Loweruka muliiwale. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa nkhani iyi amene akuvulala ndi kuzengereza kwanu si inu ayi. Mupite lero, mukalephera mawa m'mawa asanatsegule.

Kupita nokha kuli ndi ubwino wina. Mukadikira kuti afike kwanu ndi bulangeti ndi zingwe, adzabwerera buti ili pululu antchito anu akuonerera pawindo, ndipo bala limenelo silidzapola msanga. Anakuuzani kale kuti munawavula pamaso pa wantchito wawo. Mwamuna wamkulu amapirira kukanizidwa, koma kukanizidwa pagulu ndi nkhani ina. Kawapezeni ali okha, opanda namwino, opanda alamu anu, chitseko chotseka.

Mukakhala pansi, "ayi" wanu akhale m'mawu oyambirira. Musazungulire ngati mukufuna kubwereka mchere. Muwauze kuti, achimwene, makina sindipereka, ndipo ndabwera kuti tione chimene tichite. Musanamizire kuti makina anu nawo ayamba kuvuta, chifukwa bodza limenelo lidzakutsatani. Musabisalenso kumbuyo kwa mantha oti mungagwidwe. N'zoona kuti Mayi Tochi angathe kuwazindikira makina amene anawaunika okha mwezi watha, ndipo zitatero ziphaso zanu nonse awiri zikhoza kukhala pamoto. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Koma mukapereka chifukwa chimenecho, achimwene anu adzangoganiza njira yoti musagwidwe. Chifukwa chanu chenicheni ndi anthu a pa benchi, ndiye nenani chimenecho.

Musapite manja ali lende. Yankho la vutoli munalipeza kale nokha pa tsiku la njinga yamoto lija, kungoti munali ndi mkwiyo ndiye simunaliwone. Makina akhale kwanu, koma ntchito yake iwafikire. Muwauze kuti kuyambira tsopano zida zawo ziziphikidwa kwanu: zakuda zizibwera m'bokosi lotseka bwino, zakupsa zizibwerera m'bokosi lina, osasakaniza. Ine si wa ntchito yanu, choncho funsani ku bungwe lomwelo ngati njira imeneyi amailola, ndi mmene amafunira kuti zinyamulidwe. Akaikana, pali njira ina. Achimwene anu azibwera kudzathandiza odwala awo pa mpando wanu masiku ena masana. Mpandowo anakupatsani okha, mapaipi ake anamanga okha, sangaukhalire mwachilendo. Odwala adzachepa kwa kanthawi, inde, ndipo nonse mudzapanikizika. Koma sufuliya ija ichoke pamoto tsiku lomwelo, muichotse limodzi.

Za mphira amene akuti anaitanitsa, musangomva ndi khutu. Sindikuti achimwene anu ndi abodza, koma munthu wamantha amatha kudzinamiza yekha kuti chinthu chili m'njira pamene sanaimbe n'komwe foni. Itanani katswiri wokonza makina amenewa abwere adzawaone nonse muli pomwepo. Mwina vuto ndi mphira yekhayo, mwina ndi lalikulu. Chilichonse chimene anene, makinawo asadzayambenso ntchito mpaka atayesedwa n'kuoneka kuti akupsetsa. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo chitseko chosiya kulira sindiye kuti mkati mwatentha mokwanira.

Tsopano pali povuta. Achimwene anu akuyenera kuwauza okha oyendera, asanafike, kuti makina awo anafa, ndi zimene akuchita pokonza. Mudzipereke kuti mukhala nawo pambali akamaimba foni kapena akamapita ku ofesi. Sindingakulonjezeni kuti sadzawaimitsa ntchito zina kwa kanthawi, chifukwa chigamulo ndi cha oyendera, si changa. Koma inu mwawaona nokha anthu amenewa. Anakupezani ndi mkaka mu furiji ya mankhwala, sanakudyeni, anakuuzani zoti mukonze. Munthu wofika yekha kudzanena vuto lake amalandiridwa mosiyana ndi munthu wogwidwa akubisa. Komanso pali anthu onse amene anathandizidwa ndi zida za m'sufuliya kuyambira pamene makina anafa. Kaya akufunika kuitanidwa kuti akayezetse magazi kapena ayi, si nkhani yoti inu awiri muigamule kuchipinda. Ikaikidwe m'manja mwa bungwe, ndipo zimene linene zichitike. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene achimwene anu adzadumphe kwambiri, koma musapalumphe.

Muwamvetsenso munthu wamkuluyu. Sindikukhulupirira kuti ndi woipa mtima. Ndi munthu amene wachita mantha. Akuona ukalamba ukubwera, akuona kamwana kamene anakaphunzitsa kugwira kagalasi kali ndi makina owala kuposa awo, ndipo akuopa kuti dzina limene alimanga moyo wawo wonse lithera pa chitseko chokhomedwa. Choncho zimene mwandiuza ine za dzanja lawo lofewa, kawauzeni iwowo. Muwauze kuti mukukumbukira zonse zimene anakuchitirani, ndipo muwathokoze ndi pakamwa, osati mumtima mokha. Akabwereza zoti sanakupemphenipo kanthu, muwayankhe modekha kuti chilichonse chimene chili chanu angathe kutenga, nthawi yanu, mpando wanu, manja anu, koma thanzi la odwala awo si lanu kuti mulipereke ngati mphatso yothokozera. Lende n'kukankhana, zoona, koma sukankha mnzako ukuona kuti chingwe chatsala pang'ono kuduka.

Alamu anu akaimbanso, muwayankhe mwaulemu kuti nkhaniyi mukukambirana ndi achimwene, basi. Akudera nkhawa mwamuna wawo, musawaimbe mlandu, komanso musawasandutse mthenga. Mayi anu okalamba muwasiye apume, asakokeredwe pakati kuti asankhe mwana. Amuna anu aja obisala m'nyuzipepala muwauze kuti Aphungu akupereka moni, ndipo akuti popeza funso la ana lija linawakanika kuyankha, ntchito yonyamula mabokosi a zida pa galimoto ikhale yawo.

Funso lanu lomaliza ndilo lolemera, ndipo sindilizemba. Mukachita zonsezi, achimwene anu n'kukana, n'kukapeza Mlendo wina kwa mnzawo kuti sufuliya ipitirire, ndiye mukanene. Koma osati mobisa, osati ndi kalata yopanda dzina kapena kunong'oneza munthu wina kuti akafikitse. Muwauze iwowo maso ndi maso kuti, achimwene, mukatero ine ndipita kwa oyendera, ndipo ndikukuuzani ndisanapite. Kenako mupitedi. Mwina akaona kuti simukuseka adzasankha kupita okha, ndipo chimenecho ndicho ndikukufunirani.

Chenjezo langa ndi ili. Nkhaniyi musaiyendetse m'misonkhano ya anzanu kapena pa mafoni, ndipo musaisandutse nkhondo yoti muoneke kuti ndinu woyera pakati pa akuluakulu onse. Mukanena zimene mwaona ndi maso anu kwa oyenera kumva, mwamaliza mbali yanu. Ndipo musapite kumeneko mukuyembekeza kuti akuthokozani. Sindikunamizani, akhoza kukukwiyirani kwambiri. Mwina chaka chidzatha moni wanu osayankhidwa, mwina pa zochitika za pabanja mudzakhala uyu uko uyu uko, ndipo zidzakupwetekani. Chibale ndi fupa, sichiola, koma nthawi zina chimathyoka kaye chisanalumikizane, ndipo sindingakuuzeni kuti chanu chidzalumikizana liti. Ululu umenewo inu mungathe kuusenza, ndinu wamkulu, ndipo mukudziwa chimene mukuusenzera. Koma mawa m'mawa munthu wina adzagona chagada pa mpando wa achimwene anu, adzatsegula kukamwa n'kutseka maso. Iyeyo sadziwa choti afunse, ndipo sangakane. Womukanira ndinu.

Aphungu